Zimene Ndinawauza Adokotala za Bambo

Tsiku limene adokotala anatiuza kuti tidikire, ine ndinaseka. Sindinafune kuseka, kunangotuluka kokha ngati ntchirikitchi. Bambo anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Adokotalawo anali mayi wamfupi wa magalasi a kachingwe pakhosi, wolankhula mosathamanga ngati akukuwerengera mapiritsi m'manja. Anati Bambo ali ndi khansa ya m'magazi, ya mtundu wosowa, yoyambira m'mafuta a m'mafupa. Anatchula dzina lake, lalitali moti mpaka lero Bambo amalitchula theka n'kulisiya panjira. Anati matendawa amayenda pang'onopang'ono, ndipo ena amakhala nawo zaka zambiri osamva kanthu. Kwa Bambo anapezeka mwangozi, atakayezetsa magazi chifukwa cha chifuwa chimene chinadzatha chokha.

Kenako anatembenuza pepala la zotsatira n'kuyamba kulemba kuseri kwake. Anati pali mankhwala a diripi, oikidwa mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, amene amagonetsa matendawa kwa zaka koma amafooketsa thupi ndi kugwetsa chitetezo. Pali mapiritsi akumwa tsiku lililonse osalekeza, amene kwa ena amachititsa magazi kuchedwa kugwirana kapena mtima kuthamanga molakwika. Magazi akakhuthala kwambiri ndi puloteni imene matendawa amapanga, pali makina owasefa. Koma pamwamba pa zonsezi analemba mawu amodzi n'kuwazunguliza mzere: kudikira. Anati kuyamba mankhwala munthu asanayambe kuvutika sikumutalikitsira moyo, kumangomudwalitsa msanga. Bambo azibwera miyezi itatu iliyonse kudzayezetsa, basi.

Bambo anafunsa funso limodzi lokha, ngati angapitirize kumeta anthu. Atauzidwa kuti inde, anadzuka, anathokoza, anavala chipewa chawo ngati munthu amene wauzidwa kuti njinga yake ilibe vuto.

Ine mawu oti kudikira ndinali nditawamvapo kale, ndipo anatuluka m'kamwa mwanga momwe.

Chaka chapitacho ndinali ku koleji, m'chaka chachiwiri cha maphunziro oyeza magazi m'labu. Mayi anandiimbira foni n'kunena mwa nthabwala kuti m'mimba mwawo mwalowa munthu wokwiya. Ndinawafunsa mafunso awiri atatu mwa ukatswiri wanga wa chaka chimodzi ndi theka, ndinawauza kuti mwina ndi zilonda za m'mimba, apewe tsabola, adikire ndimalize mayeso ndidzapite nawo ndekha kuchipatala kwa anthu amene ndikuwadziwa. Anadikira masabata asanu. Anamvera mwana wawo wophunzira. Titapita nawo anagonekedwa tsiku lomwelo, ndipo pa tsiku la khumi ndi chimodzi tinatuluka m'chipatala muja ndi thumba la zovala zawo. Adokotala a kumeneko anati ngakhale tikanabwera msanga mwina sizikanasintha. Mawu oti mwina aja ndinawatenga n'kugona nawo, kudzuka nawo. Ku koleji sindinabwerereko. Mabuku anga ali m'katoni pansi pa bedi, ndipo nthawi zina ndimaigunda ndi chidendene ndikamavala nsapato.

Chibwerereni ndinkangokhala pa shopu ya Bambo. Ndi kachipinda ka mipando iwiri yometerapo, ngakhale wometa ndi mmodzi, ndi benchi ya odikira, ndi galasi lalikulu limene pakona pake linachita mawanga akuda. Mumanunkha sipiriti ndi pauda ndi mafuta a mashini. Makasitomala amawatcha Bambo kuti Ometa, ndipo ine anandipatsa dzina loti Wakoleji. Poyamba linkandibaya, kenako ndinazolowera monga umazolowerera msomali wa m'nsapato.

Atatiuza za matenda aja ndinapeza ntchito. Ndinayamba kuwayang'anira Bambo. Ndinkakhala pa mpando wachiwiri uja, wopanda kasitomala, n'kumawaonera m'galasi. Akapumira pakati pa mutu ndi mutu ndinkawerenga. Akatsamira khoma ndinkawafunsa ngati akumva chizungulire. Ndinkawayang'ana m'maso ngati muli magazi, m'zikhatho, m'kamwa akamayasamula. Ndinagula sikelo n'kuiika pakhomo la bafa kuti asaidumphe. Iwo ankakwerapo kuti andisangalatse, nthawi zina atanyamula ketulo yodzaza madzi.

Pa makasitomala onse, amene ankandilankhula mosandinyengerera anali Aphunzitsi, mnzawo wa Bambo kwa zaka makumi atatu, wopuma pantchito, wa dazi loti nsikidzi ingaterereke. Ankabwera Loweruka lililonse kudzametetsa tsitsi limene linatsala m'mbali, loti ukhoza kuliwerenga. Bambo ankawazungulira mphindi makumi awiri, sizasi ikulira m'mwamba mopanda chodula, kuti mnzawo amve kuti wametedwa.

"Wakoleji, munthu sayang'anidwa choncho," anatero tsiku lina, maso ali m'galasi. "Umawayang'ana abambo ako ngati mkaka uli pamoto. Ngakhale ine ndingadwale."

Ndinawayankha kuti ndionetsetse anathetsa nkhosa. Iwo anati mwambi umenewo anauphunzitsa kwa ana a sitandade faifi ndisanabadwe, ndipo palibe mwana amene anaugwiritsa ntchito molakwika ngati ine. Bambo anaseka mpaka anasiya sizasi. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana ngati kusekako kuwatsokomoletse.

Choipa chake chinali chakuti Bambo anali bwino. Ankadya, ankagona, ankanyamula chigubu cha madzi kuchokera pampopi wa kuseri osapuma panjira. Ndipo ubwino wawo womwewo ndi umene unkandiopsa. Mayi nawonso ankaseka pa foni. Ndinkadziwa kuti mkati mwa mafupa awo muli chinthu chimene chikuswana, chili ndi dzina, mankhwala ake alipo m'kabati ya m'chipatala, ndipo anthu ophunzira akuti tichisiye kaye chikule. Ndinkaganiza kuti mwina amatero kwa anthu ngati ife, ometa, opanda wotiyankhulira. Ndinawerenga zonse zimene ndinapeza pa foni, ndipo zonse zinkagwirizana ndi adokotala aja. Ndinazikwiyira nazonso.

Miyezi itatu yoyamba zotsatira sizinasinthe. Ulendo wachiwiri puloteni ija inakwera pang'ono, magazi anatsika pang'ono. Ndinaona manambalawo tili pa benchi yodikirira, chifukwa namwino anatipatsa envulopu yosamata. Ndinkadziwa kuwawerenga. Sanali oopsa. Anali pamalire, poti dokotala akhoza kupita uku kapena uku malingana ndi zimene wodwala wanena.

Titalowa, adokotala anayang'ana pepala, anavula magalasi, anawafunsa Bambo mmene akumvera. Bambo anatsegula pakamwa kuti anene kuti ali bwino monga mwa nthawi zonse. Ndinawatsogolera.

Ndinati Bambo sangakuuzeni chifukwa safuna kuvutitsa anthu. Ndinati akutuluka thukuta pogona moti m'mawa timayanika zofunda. Ndinati atuluka kamfuno katatu mwezi uno, kamodzi ali pakati pometa munthu. Ndinati amamva chizungulire akaimirira, ndipo masana amagona pa benchi chifukwa cha kutopa. Ndinasankha bwino. Chaka ndi theka cha ku koleji chinandithandiza kudziwa zizindikiro zimene palibe makina angazitsutse. Mawu ankatuluka osalala, moti ndinkachita kuona zofunda zija pa chingwe.

Adokotala anatembenukira kwa Bambo. "Ndi zoona zimenezi, bambo?"

Bambo sanandiyang'ane. Anayang'ana chipewa chawo pa bondo, anachitembenuza kamodzi.

"Mwanayu ndiye amaona," anatero. "Ine sindidziona ndekha."

Adokotala anawafunsanso, chimodzichimodzi, thukuta, kamfuno, chizungulire. Chilichonse Bambo ankangoti ndi momwemo. Anawayeza m'khosi, m'khwapa, m'mimba, anawaunika m'maso ndi katochi. Anati thupi silikuonetsa zambiri, manambala nawo sakukuwa, koma iwo amachiza munthu, sachiza pepala. Ngati matenda ayamba kumulanda munthu tulo ndi mphamvu, nthawi yodikira yatha. Anawadzudzula Bambo mofatsa chifukwa chobisa. Bambo anapepesa.

Anakambirana za mapiritsi ndi diripi. Chifukwa cha kamfuno kanga kaja, anati mapiritsi sangakhale abwino, angaonjezere kutaya magazi. Anasankha diripi. Analemba kuti tiyambe Lolemba la sabata yotsatira, atayeza kaye zina ndi zina.

Ndinatuluka m'chipinda muja mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chaka chonse. Ndinali nditachita chinthu. Sindinadikire.

Chisangalalocho chinatha mu ofesi ya namwino, pakhomo lachitatu kumanzere. Namwinoyo anali mayi wamkulu thupi, wa mawu okoma, ndipo anatikhazika pansi n'kuyamba kutiphunzitsa za miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayo. Anati kutentha thupi kulikonse, ngakhale pang'ono, tithamangire kuchipatala. Anati pakhoza kukhala mseru, zilonda m'kamwa, kufooka koti munthu amalephera kumanga zingwe za nsapato. Anati chitetezo chidzagwa ndipo chimachedwa kudzuka ngakhale mankhwala atatha, choncho chimfine cha munthu wina chikhoza kuwagoneka m'chipatala. Apewe pagulu, apewe otsokomola, apewe kudzicheka. Kenako anafunsa ntchito yawo.

Bambo atanena, namwino anaika cholembera pansi. Anati wometa amapumirana ndi anthu makumi awiri pa tsiku, mphuno kwa mphuno, lumo lili m'manja. Anati angachite bwino kupumira kaye, makamaka masabata oyandikira diripi iliyonse, ndipo kunena chilungamo ndi bwino kungotseka mpaka amalize.

Bambo anagwedeza mutu ngati akumva za munthu wina. Anasaina pepala la chilolezo ndi siginecha yawo yaitali ija, yoyamba bwino n'kutha ngati waya. Ine ndinasaina pansi pake ngati mboni.

Panjira sanalankhule za zimenezo. Anaima pa sitolo kugula mabatire a wailesi, anadandaula kuti a masiku ano satha sabata. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndinali nditakonza kale mayankho. Kunyumba anaphika tiyi, anandithirira, anamwa wawo. Tsiku lotsatira anatsegula shopu nthawi yake.

Sabata imeneyo anayamba kutsanzika. Kasitomala aliyense akamudzola sipiriti m'khosi ankamuuza kuti kuyambira Lolemba akhala akupuma kwa miyezi ingapo, ndipo ankamulozera kwa wometa wa kumsika, mnyamata amene kwa zaka zambiri ankamunena kuti amameta ngati akusenda mbatata. Tsopano ankati ndi mwana wabwino, dzanja lake likukhwima, ingomuuzani kuti asathamange kumbuyo kwa makutu. Anthu ankawagwira m'manja mwaulemu wa kwa odwala, mawu atatsika. Amene ankabwera akuseka ankatuluka akuyenda pang'onopang'ono. Ndinaona Bambo akusanduka wodwala m'maso mwa anthu, ali chiimire, ali ndi mphamvu zawo zonse.

Lachinayi anachapa matawulo onse, ngakhale oyera. Lachisanu anamasula mashini onse atatu, anawapukuta tsitsi la m'mano ndi kaburashi, anawathira mafuta, awiri anawakulunga m'nsalu n'kuwaika m'kabati. Ine ndinali pa mpando wanga uja. Sindinkawaonanso m'galasi, ndinkayang'ana pansi.

Ndinkadziuza kuti ndachita bwino. Matendawo alipodi, sindinawapeke. Mankhwalawo adzafunika ndithu tsiku lina, ndangolifulumizitsa tsikulo. Koma ndinali nditawerenga zambiri moti sindikanatha kudzinamiza mpaka pamapeto. Ndinkadziwa kuti mankhwala amenewa sagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza popanda mtengo wake pa thupi, ndi kuti ndikuwaononga pa nthawi imene sakufunika. Ndinkadziwanso kuti pa anthu amene amaikidwa diripi yoteroyo, alipo ochepa amene amatengedwa ndi chibayo, osati ndi khansa.

Loweruka Aphunzitsi anabwera monga mwa nthawi zonse. Anakhala pa mpando, anafundidwa nsalu, ndipo anakana kulozeredwa kwa wometa wa kumsika. Anati tsitsi lawo lakhala likudikira zaka makumi awiri kuti limere, likhoza kudikiranso miyezi isanu ndi umodzi kuti limetedwe. Kenako anawayang'ana Bambo m'galasi nthawi yaitali.

"Koma iwe Ometa, ukudwaladi? Dzulo ndinakuona ukuthamangira minibasi ngati wakuba."

Bambo anati chikomekome cha mkuyu. Aphunzitsi anati mkuyu umenewu nyerere zake n'zaulemu kwambiri. Anayang'ana kwa ine, ndipo kuyang'ana kwawoko kunandiwotcha kuposa chipongwe chawo chonse cha chaka chathunthu. Potuluka anawakumbatira Bambo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kutuluka msanga akunamizira kuti pauda yawalowa m'maso.

Dzuwa linali likadali pa khoma la tsidya lina la msewu pamene kasitomala womaliza anapita. Bambo anatenga tsache. Ndinawalanda, koma sindinasese.

"Bambo, munavomereranji?"

Anandifunsa kuti chiyani, ngati sakudziwa. Ndinati thukuta, kamfuno. Ndinati inu mukudziwa kuti palibe chofunda chimene tinayanika.

Anakhala pa mpando wa makasitomala, chinthu chimene sachita, n'kuutsitsa pang'ono ndi phazi. Anayamba ndi nkhani ya ntchito, monga amachitira akafuna kunena chinthu cholemera. Anati amene anawaphunzitsa kumeta anali ndi lamulo limodzi. Wophunzira akaterereka ndi mashini n'kuboola tsitsi la kasitomala, mphunzitsi sakuwa, sanena kuti taona wachita. Amangobwera, n'kulandira mashini ngati akufuna kumalizitsa, n'kutsitsa mutu wonse kuti ufanane ndi pobooka paja. Kasitomala amapita akuganiza kuti ndi sitayilo. Zokalipirana zimachitika chitseko chitatsekedwa.

"Iwe unaboola," anatero. "Ine ndinangofananiza. Ndikanati mwana wanga akunama, pamaso pa mayi aja, ukanatuluka ndi nkhope yanji?"

Ndinati chitseko chatsekedwa kasanu chichokereni kuchipatala, sanandikalipire. Ndinati akanatha kubwerera okha tsiku lotsatira kukawauza adokotala zoona.

Anati anaganizapo. Anafika mpaka pa siteji ya minibasi Lachitatu m'mawa, pamene ndinkaganiza kuti apita kukagula malezala. Koma anakumbukira mmene ndinatulukira m'chipinda cha adokotala muja. Anati ndinkayenda ngati munthu, mapewa ali m'mwamba. Anati tsiku limenelo ndinamaliza chakudya m'mbale, ndinafunsa ngati chatsala china. Chimwalirireni amayi ako, anatero, ndinali ndisanakuone ukupempha chakudya.

"Ndinaona kuti m'nyumba muno wodwala kwambiri si ine. Ndiye ndinati, ngati diripi imeneyi ingachize iwe, aiike mwa ine. Mkono ndili nawo."

Sindikumbuka kuti tsache linagwa nthawi yanji. Ndinawauza zimene ndinali ndisanauzepo munthu, kuti Mayi anadikira chifukwa ine ndinawauza kuti adikire. Ndinkaganiza kuti ndikuulula chinsinsi. Bambo anati akudziwa, foni ija inali pa sipika, iwo anali pomwepo akusenda anyezi. Anati nawonso anati tidikire mwana abwere. Anati Mayi eniake anali atabisa ululuwo miyezi iwiri asanaimbe foniyo. Anawerenga pa zala, ine, iwo, Mayi, ndipo anati ngati ndikufuna kusenza mlanduwo ndisenze gawo langa lokha, ndisabe la anzanga.

Ndinalira ngati mwana, nditakhala pansi pa tsitsi la anthu. Iwo sanandiletse. Anangoika dzanja pamutu panga n'kulisiya pomwepo, lolemera, lofunda, lonunkha sipiriti.

Nditatontholako ndinawauza kuti Lolemba sitipita. Anati ayi, tipita, anthu atikonzera malo, sitingangosowa ngati mbava. Anati iwo sakatsutsa mawu a mwana wawo pamaso pa anthu, lero kapena mawa. Ngati pali wokonza, ndi amene anaboola. Ndikakakhala chete, iwo akatambasula mkono, ndipo sadzandisungira kanthu kumtima.

Lolemba tinafika m'mawa. Chipinda cha diripi chinali ndi mipando ikuluikulu isanu ndi itatu, yotsamira chagada, iliyonse ndi chitsulo chake chopachikapo mabotolo. Panali mayi wina woluka chipewa ndi dzanja limodzi lopanda diripi, ndi bambo wina wowonda amene anagona pakamwa pali yasa, mkazi wake akumuingitsira ntchentche imene kunalibe. Bambo anapereka moni kwa onse mmodzimmodzi, anakhala pa mpando wa pawindo, anapinda malaya mpaka pachigongono mwaudongo ngati akukonzekera kumeta. Namwino uja anabwera ndi kathireyi. Anawamanga kalamba pamkono, anawauza kuti afumbate, anayamba kusisita ndi chala kufuna mtsempha. Anati mitsempha yawo ndi yabwino, ya munthu wogwira ntchito.

Ndinali nditakonza mawu Lamulungu lonse, koma onse anathawa. Ndinaona thonje likupukuta khungu lawo, ndinaona namwino akung'amba kapepala ka singano. Bambo ankayang'ana panja.

"Amayi, taimani kaye," ndinatero. "Ndikufuna ndionane ndi adokotala musanawabaye."

Namwino anati adokotala ali ndi mzere, ngati ndi mantha ndi achibadwa, aliyense amatero tsiku loyamba. Ndinati si mantha. Ndinati zimene zalembedwa m'fayilomo zina n'zabodza, ndipo wabodzayo ndine. Mayi woluka uja anasiya kuluka. Namwino anandiyang'ana, anayang'ana Bambo, anamasula kalamba kaja mwakachetechete.

Adokotala anatilandira patapita ola. Ndinalankhula nditaimirira. Ndinati kulibe thukuta, kulibe kamfuno, kulibe chizungulire, ndinapeka zonse chifukwa ndinkafuna kuti ayambe mankhwala. Ndinanenanso za Mayi, mwachidule, osati kuti andikhululukire koma kuti asaganize kuti ndine wamisala wamba. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anavula magalasi, anatikita m'maso, anandifunsa ngati ndikudziwa kuti mankhwala a Bambo anali atasakanizidwa kale m'mawa umenewo, ndi kuti mpando umene anakhalapo unali woti pakhale munthu wina amene akuudikira. Ndinati sindinaganize. Anati akuona.

Kenako anawafunsa Bambo chifukwa chimene anavomerera. Bambo anati ndi mwana wanga. Adokotala anati iwonso ali ndi ana, koma mafuta a m'mafupa sabwerekedwa. Ananena kuti kuyambira tsopano azionana ndi Bambo okha poyamba, ine ndizilowa akandiitana. Anandiuzanso za chipinda china pansi, cha mayi amene amacheza ndi anthu oferedwa Lachitatu lililonse, ndipo analemba nambala ya chitseko pa kapepala n'kundipatsa osandifunsa ngati ndikufuna. Atatero anandilozera khomo.

Ndinakhala pa benchi ya pakhonde. Anthu ankadutsa ndi mafayilo awo, wokolopa anandipempha kuti ndikweze mapazi. Chitseko chinali chochindikala, sindinkamva kanthu. Ndinaganiza kuti mwina akuwayezanso n'kupeza chinthu chenicheni. Ndinaganiza kuti mwina Bambo akubisa monga kale, ndipo palibe wowatsutsa. Kawiri konse ndinadzuka kuti ndikagogode, kawiri konse ndinakhalanso pansi. Zinatenga mphindi makumi anayi.

Anatuluka atatsitsa kale malaya, akumanga batani la pamkono. Anakhala pafupi nane n'kundipatsa khadi. Panalembedwa tsiku la miyezi iwiri kutsogolo, osati itatu. Anati adokotala aimitsa diripi, tibwerera ku kudikira, koma akufuna kuwaona msanga chifukwa manambala aja anasunthadi.

Ndinafunsa chimene anakhalitsira. Anazengereza pang'ono, kenako anati adokotala anawafunsa mafunso ambiri ndipo iwo anaganiza kuti bodza lakwana m'banja limodzi. Anawauza kuti zala za kuphazi lamanzere zimachita dzanzi m'mawa, kwa mwezi tsopano, ndipo limatha akayenda. Adokotala anawavula nsapato, anawagwiragwira ndi kachitsulo, analemba. Anati n'kutheka ndi matendawa, n'kutheka ndi kuimirira zaka makumi atatu pa simenti. Pakali pano si chifukwa choyambira mankhwala. Likakwera kufika m'kakolo, kapena likayamba m'manja, asadikire tsiku la pa khadi.

Mwezi wathunthu ndinkawayang'ana m'maso, m'zikhatho, pa sikelo, ndipo chinthu chenicheni chinali m'nsapato. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuze.

"Ndikanakuuza za chala chimodzi, ukanakawauza kuti mwendo wagwa."

Anati tipangane. Iwo azindiuza chilichonse chimene akumva, chaching'ono kapena chachikulu, tsiku lomwelo. Ine ndizichilandira mmene chilili, osathirako mchere. Nthawi ya mankhwala ikadzakwana, adzasankha okha pakati pa diripi ndi mapiritsi, atamva adokotala, atamvanso ine, ndipo sadzazengereza ngakhale tsiku limodzi. Koma isanakwane akufuna azimeta.

Ndinavomera. Sikunali kuvomera kopepuka. Chinthu chija chinali chikadali m'mafupa mwawo, ndipo tinkatuluka m'chipatala tikuchisiya momwemo, mwadala, ndi chilolezo changa.

Tili pa masitepe a panja ndinawafunsa mmene akumvera panopa. Anaima, anaganiza ndithu, ngati munthu amene akufuna kupereka yankho loona.

"Phazi lili bwino. Msana ukuwawa pang'ono, ndi mpando wa m'kati muja. Ndipo ndili ndi manyazi, chifukwa ndatsanzika tauni yonse."

Ndinadikira kuti mtima wanga uyambe kuthamanga pa nkhani ya msanayo. Unathamangadi. Ndinausiya uthamange, sindinathireko mchere. Anati tidzere kumsika akamuuze mnyamata uja kuti makasitomala aja anangomubwereka, ndipo ndikhale ine woyamba kulowa, chifukwa nkhaniyi ndi yanga kuifotokoza.